Chida kapena chipangizo? Mafunso a opalasa njinga mumsewu wa kunyanja

Mafunso a ulendo uno achokera kwa owerenga a ku Salima ndi ku Nkhotakota amene amapalasa njinga maulendo ataliatali, ogona m'njira. Onse akukhudza mpeni ndi tizitsulo tokonzera njinga.

Tikukonzekera kupalasa kuchokera ku Salima kukafika ku Nkhotakota. Polemba katundu woti titenge tasemphana pa dzina la kachitsulo kopinda kaja kotchedwa multi-tool. Kodi m'Chichewa tikati chiyani?

Dzina limodzi lokhazikika palibe, achimwene, ndipo musavutike kupeka lachilendo loti wokonza njinga wa pa Khombedza akakuyang'aneni kukamwa. Chichewa chili kale ndi njira yotchulira chitsulo chilichonse: timachitchula ndi ntchito yake. Timatenga mneni, n'kuwonjezera -ira kapena -era, kutsogolo n'kuika cho-. Kudula kumabala chodulira tcheni, kumanga kumabala chomangira masipoko, kuchotsa kumabala chochotsera tayala.

Kusankha pakati pa -ira ndi -era si kwa mwayi. Muzichotsa a wa kumapeto kwa mneni, n'kuyang'ana lembo laliwu lomaliza mwa amene atsala. Likakhala a, i kapena u, mawu amatha ndi -ira: mangira, pindira, dulira. Likakhala e kapena o, amatha ndi -era: sendera, nolera, popera. N'chifukwa chake "chonolira" chimalawula khutu ngakhale kwa munthu amene sanaphunzirepo lamuloli. Samalani ndi "chomasulira" chokha. Mukangochisiya choncho wina adzaganiza za kumasulira mawu, ndiye muzimaliza nacho: chomasulira mabawuti.

Kachitsulo konseko mungakatche kachipangizo kopinda kokonzera njinga, ndipo pamndandanda wanuwo lembani zimene zili m'kati mwake, chifukwa ndi pamene anthu amagwa napo. Njinga zamagiya za masiku ano zimamangidwa ndi mabawuti a mutu wobooka, ofuna alenki, kiyi wolowa m'bowo la pamutupo. Masaizi amene amagwira ntchito kwambiri ndi 4, 5 ndi 6 mm, pa chishalo, mahandulo ndi mabuleki, ndipo 8 mm imafunika pa mapedulo ena. Ngati mabuleki ndi a disiki, onani kuti pali kiyi ya nyenyezi ya T25. Koma njinga zathu zakuda za kabaza, za matayala a 28, zimamangidwa ndi manati wamba. Kumeneko alenki ndi katundu wolemetsa chabe. Chofunika ndi sipanala ya 15 mm ya manati a gudumu ndi mapedulo, shifitingi yaing'ono ndi pulayala. Salima ndi Nkhotakota zatalikirana makilomita pafupifupi 110, ndipo amakaniko a njinga ali pafupifupi pamsika uliwonse, koma tcheni sichisankha podukira.

Mnzanga akuti ndisamanene kuti "ndanyamula zida" apolisi akandifunsa pa rodibuloko. Kodi chida ndi chipangizo si chimodzi?

Mnzanuyo ali ndi khutu labwino. Mawu awiriwa amakumana pakati koma amasiyana m'mphepete. Chida ndi mawu akale, ndipo amanyamula zonse ziwiri: zida zaulimi ziliko, zida zankhondo zilikonso. Khasu ndi chida, mkondo ndi chida. Mukangoti "zida" osanena za chiyani, womva amadzaza yekha mpatawo, ndipo wapolisi amene waima pamsewu wa M5 amaudzaza ndi zimene ntchito yake imamuuza. Kumbukirani kuti pa wailesi mawu akuti "anapezeka ndi zida zoopsa" amanenedwa za akuba.

Chipangizo chimachokera ku kupanga, ndipo sichinunkha magazi. Ndiye akakufunsani kuti muli chiyani m'chikwamamo, yankho labwino n'lakuti, "Bwana, ndi zipangizo zokonzera njinga, ndiponso muli mpeni wosendera zipatso." Mwautchula nokha mpeniwo asanaupeze, ndipo mwaupatsa ntchito. -era uja wa m'funso loyamba wakuthandizaninso pano.

Mneni wotsatira nawonso ndi wofunika. Kutulutsa mpeni ndi kusolola mpeni n'zosiyana. Amene watulutsa mpeni mwina akufuna kusenda bwemba kapena papaya. Amene wasolola mpeni, anthu amayamba kubwerera m'mbuyo. Chimodzimodzi kuika mpeni m'chikwama ndi kusomeka mpeni m'chiuno: kwachiwiriku kumajambula munthu wokonzekera ndewu. Ndipo pano chiyankhulo chikugwirizana ndi nzeru ya panjinga. Mpeni wa m'chiuno kapena wa m'thumba la kabudula umakubayani nokha mukagwa, choncho malo ake ndi m'chikwama cha pakaliyala, pamodzi ndi mapoto ndi supuni, wopinda kapena uli m'chimake. Mukaupereka kwa munthu kuti auone, mupatseni kuchigwiriro, wotseka.

Amene mukhotere kumsewu wa M18 wopita ku Kasungu, dziwani kuti umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndipo malamulo a malo otere saloleza kulowa ndi zida zosakira nyama. Pachipata nenani zimene mwatenga. Chikwanje, chimene ena amachikonda podula nkhuni, chisiyeni kunyumba. N'cholemera, ndipo chimabweretsa mafunso ambiri kuposa nkhuni.

Ndinalemba kuti "mpeni wothwa" mwana wanga wa sekondale n'kundiseka. Timati "wobuntha", nanga bwanji osati "wothwa"?

Mwanayo walondola, mayi, ngakhale kuseka kholo sikunali kofunika. Wobuntha ndi chidule cha wa ndi kubuntha, pamene "aku" wasanduka "o". Chidulechi chimachitika mneni akakhala ndi maphatikizo awiri kapena kuposa: wopinda, wonola, wosongoka. Aneni a phatikizo limodzi, monga -thwa, -dya, -mwa, -ba ndi -fa, amasunga ku wawo. N'chifukwa chake timati chakudya, chakumwa, wakuba, ndipo mpeni ndi wakuthwa, mipeni ndi yakuthwa. Ena amalemba "wokuthwa", kusakaniza njira ziwirizo. Zimamveka pakamwa, koma polemba siyani.

Pamene tili pomwepa, kuthwa ndi kusongoka si chimodzi. Kuthwa ndi kwa mbali yodulira, kusongoka ndi kwa nsonga. Paulendo wa njinga mukufuna mpeni wakuthwa, osati kwenikweni wosongoka. Wobuntha ndiye umavulaza, chifukwa mumaukakamiza mpaka kuterereka n'kutera pachala. Ponola, nyowetsani mwala, pendeketsani mpeni pang'ono, pafupifupi madigiri 20, n'kukhwekhweza kofanana mbali zonse ziwiri. Mukanola mbali imodzi yokha mpeni umakhota podula.

Kodi "kampeni" ndi mawu oyenera pa mpeni waung'ono? Ndinalemba pa WhatsApp kuti "musaiwale kampeni" anzanga n'kuyamba kundifunsa za chipani.

Ndi oyenera ndithu: ka- wochepetsa ndi mpeni. Vuto n'lakuti mawu obwereka onena za misonkhano yokopa anthu pachisankho amalembedwa chimodzimodzi. Chimene chimawalekanitsa ndi mgwirizano. Waung'ono uja ndi kampeni kanga, kampeni kopinda, kampeni kaja, ndipo tikachuluka ndi timipeni. Wa ndale uja samatenga ka-. Ndiye musamusiye yekha, lembani "kampeni kosendera". Onetsetsaninso kuti simunalembe mpini, umene ndi wa khasu ndi nkhwangwa. Wa mpeni timati chigwiriro. Ndipo mpeni salandira nkhodolero: m'thumba ndi m'chimake zili nayo chifukwa m' akuimira mu, pamene m wa mpeni ndi wa dzinalo.

Kodi zonse zimene mpeni umachita si kudula? Bwanji aneni ambirimbiri?

Kudula ndi mneni wa chisawawa, ndipo amene amangogwiritsa ameneyu Chichewa chake chimakhala ngati ndiwo zopanda mchere. Tiyerekeze mwaima pa Chia, pamene amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, ndipo mwagula chambo. Muyamba mwapala mamba, kuchokera kumchira kupita kumutu, ndi kumsana kwa mpeni kuti musabunthitse kuthwako. Kenako mutumbula, kuchotsa za m'mimba mosamala kuti ndulu isaphulike n'kuwawitsa nsomba. Mukafuna kuiwamba mumaing'amba pamsana. Mukafuna kuphika mumaiduladula. Tomato ndi anyezi mumadula kapena kuduladula, mango ndi chinangwa mumasenda, nzimbe za ku Dwangwa mumasenda n'kudula mfundo ndi mfundo. Kucheka ndi kupita ndi kubwera, monga pachingwe kapena panyama yolimba. Kutema n'kwa nkhwangwa ndi chikwanje, kumenya ndi mphamvu, ndipo mpeni wopinda ukautemera mtengo polumikizira pake pamagwedera mpaka kalekale. Kusema n'kuchotsa pang'onopang'ono, ngati mukusongola chikhomo cha tenti.

Pa njinga penipeni ntchito za mpeni n'zochepa. Umadula malegeni a chubu chakale omangira katundu. Umadula chigamba cha tayala lakutha choika m'kati mwa tayala limene lang'ambika, kuti chubu chisatuluke pang'ambapo. Ukasowa sandipepala, ungapalepale chubu pang'ono pamalo omata kuti guluu agwire, ndipo guluuyo mumudikire aume kaye, mphindi ngati zisanu, musanaike chigamba.

Aneni awiri amene sayenera kuyendera limodzi ndi mpeni ndi kutipula tayala palimu ndi kumasula sikuluwu. Koyambako kumaboola chubu chimene mukufuna kumata, n'kukanda limu. Gwiritsani zochotsera tayala ziwiri kapena zitatu, ngakhale chigwiriro cha supuni chimaposa mpeni. Kwachiwiriko kumathyola nsonga, chifukwa chitsulo cha mpeni anachiumitsa kuti chisunge kuthwa, osati kuti chipotoke. Ndipo ngati mpeni wanu ulibe loko, musaboolere chinthu cholimba, umadzipinda n'kutsekera zala.

Mukamaliza ndi nsomba ija, tsukani mpeni, pukutani mpaka uume, n'kudontheza dontho limodzi la mafuta ophikira polumikizira. Musaikepo oyilo wa tcheni, popeza mpeni womwewo usenda mango mawa. Mipeni ina ya pamsika ndi ya chitsulo chochita dzimbiri msanga, ndipo chinyezi cha kunyanja chimaufiiritsa usiku umodzi wokha. Apa napo pali kachinthu ka chiyankhulo: timati mpeni wachita dzimbiri, osati "wagwira dzimbiri" kapena "wapanga dzimbiri", ngakhale achinyamata ambiri a m'tauni ayamba kuika kupanga paliponse pamene agogo awo ankaika kuchita.