Mwafunsa, Tayankha: Bwanji ku Mzuzu kumazizira pomwe tili m'dera lotentha?

Funso: Kusukulu timaphunzira kuti Malawi ali m'chigawo chotentha cha dziko lapansi. Nanga bwanji kuno mu Juni timavala majuzi mpaka masana, ndipo mu Epulo mvula imagwabe kwina itasiya kale? Wophunzira wa Fomu 3, Chibavi.

Yankho: Mwafunsa bwino. Pa ndondomeko ya katswiri wa zanyengo Wladimir Köppen, malo amatchedwa otentha ngati mwezi uliwonse, ngakhale wozizira kwambiri, kutentha kwapakati sikutsika pansi pa madigiri 18. Malo otere ali m'magulu atatu, ndipo chowasiyanitsa ndi mvula. Af ndi kumene kulibe chilimwe, mwezi uliwonse kumagwa mamilimita 60 kapena kuposa, monga ku Singapore. Am ndi kwa mvula yochuluka zedi koma chilimwe chachifupi, monga ku Freetown m'dziko la Sierra Leone. Aw ndi kwa dzinja ndi chilimwe chachitali, ndipo ndiko kuli madera ambiri a m'mbali mwa nyanja yathu.

Mzuzu salowa m'magulu atatuwa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pomwe nyanja ili pa mamita 474. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5. Choncho mukachoka pa gombe la Nkhata Bay kukwera kuno, mwataya kale madigiri 5. N'chifukwa chake Juni ndi Julayi amatsika pansi pa 18, ndipo m'madambo masiku ena chisanu chimawaula masamba.

Mvula yochedwa ija imabwera ndi mwera. Mphepoyi imadutsa pamwamba pa nyanja, n'kutenga chinyezi, kenako imakakamizika kukwera mapiri. Ikazizira, mitambo imakhuthula madzi mbali ya Nkhata Bay ndi Mzuzu, ndipo pofika ku Rumphi imakhala itauma. Tiyi wa ku Kawalazi ndi mitengo ya labala ya ku Vizara zimadalira chinyezi chimenechi. Mlimi wa chimanga ndiye amavutika nacho: mbewu yocha msanga imakhwimira pa mvula, madzi n'kulowa m'chitsononkho, chimanga n'kuchita chuku chikadali kumunda.

Yesani kuyeza nokha. Tengani chitini chowongoka m'mbali, muchiike pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi viikanimo lula, lembani mamilimita, n'kutaya madziwo. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita. Chidebe chotambasuka kukamwa musachigwiritse ntchito, chimakokomeza chiwerengero.