Alamu, musanalipire Benz ija, ndiuzeni kaye dzina la injini

Alamu, mwandifunsa kuti pakati pa Benz, BMW ndi Crown yolimba ndi iti, komanso kuti imafika bwanji kuno ku Lusaka. Ine sindigula chizindikiro cha paboneti. Ndimagula injini, chaka ndi mapepala. Ma Benz C200 awiri akhoza kuima pamodzi, onse onyezimira, ina nkukutumikirani zaka zambiri, ina nkukudyerani fizi ya ana chaka chisanathe.

Ngati mukufuna mtendere, tengani Toyota Mark X GRX130, imene anayamba kupanga mu 2009 nkusiya mu 2019, kapena Crown GRS200 ya pakati pa 2008 ndi 2012. Za 2.5 zonse zili ndi injini ya V6 yotchedwa 4GR-FSE, ya 2499cc. Nambala imeneyo muisunge, chifukwa msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho kuno ku Zambia, pa galimoto zakale umayenda ndi zaka za galimoto komanso kukula kwa injini, ndipo mukangodutsa 2500cc mwalowa m'gulu lina. Injiniyi ndi ya tcheni osati lamba, giyabokosi yake ndi otomatiki wamba wa magiya 6, ndipo masipeya ake simuyenda nawo mtunda, mumawapeza m'tauni momwemu. Vuto lake ndi limodzi lodziwika: petulo amathiridwa mwachindunji m'silinda osatsuka mavalavu, ndiye mwaye umaundana kumbuyo kwa mavalavu olowetsa mpweya. Muidziwa ndi kunjenjemera m'mawa ikangoliza kumene. Ya 3.5, ya 2GR-FSE, imathira petulo mbali ziwiri ndipo mwaye suivuta choncho, koma imamwa, ndipo msonkho wake ndi wina. Onaninso pampu ya madzi ngati pali zouma zapinki m'mbali mwake. Mark X yakale ya GRX120, Crown ya 180 ndi Lexus IS250 zimasweka kapena kumata dashibodi zikakhala padzuwa, ndipo dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa. Mark X ya 130 anaichepetsako mphamvu pang'ono kuti izimwa petulo wamba, nchifukwa chake ndimaikonda kuposa mkulu wake. Yolembedwa kuti Four muisiye, simukufuna mawilo anayi okoka pa galimoto ya m'tauni.

Koma ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa nyenyezi ya Benz, ndiye mverani.

C-Class W204, ya 2007 mpaka 2014, C180 ndi C200 zambiri zili ndi injini ya M271. Imatha tcheni cha taimingi ndi mano a masiproketi a pakamu. Chizindikiro chake ndi kulira kwa chitsulo kwa masekondi awiri kapena atatu ikalizidwa itazizira. Ikatentha imakhala chete, ndipo wogulitsa amadziwa zimenezo, ndiye mukapeza boneti yofunda pamene munagwirizana kuti muione m'mawa, bwererani mawa lake osamuuza nthawi. Tcheni chikalumpha, mapisitoni amakumana ndi mavalavu ndipo nkhani imakhala ya injini ina. Chachiwiri ndi loko ya chiwongolero, imene amakaniko amangoti ESL. Mukalowetsa kiyi mumayenera kumva kamota kakulira mwamsanga. Ikamalira mwaulesi ili pafupi kufa, ndipo tsiku limene idzafe galimoto sidzatembenuza nkomwe injini, kaya muli pakhomo kaya pa Manda Hill. Yochokera ku UK muikweze pa lifiti muone chitsulo chonyamula mawilo akumbuyo, chifukwa chimaola kuyambira mkati ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chipale.

E-Class W211 yopangidwa asanaisinthe nkhope mu 2006 ili ndi mabuleki oyendera pampu ya magetsi, otchedwa SBC. Pampu yake imawerenga maulendo amene mwaponda buleki, ndipo ikafika malire ake imayatsa chenjezo nkufuna ina. Ya V6 ya M272 ya zaka zoyambirira imatha mano a giya ya balance shaft, chitsulo chochepetsa kunjenjemera kwa injini. Sikana, makina owerengera zovuta za galimoto, imaonetsa nambala P0016 kapena P0017, ndipo kuti aisinthe amatsitsa injini yonse. Giyabokosi ya 7G-Tronic ikamagunda posintha kapena kukakamira giya imodzi, kawirikawiri ndi mbale ya magetsi ya mkati mwake, ndipo siimangomangidwa, imafuna munthu wa kompyuta woidziwa. Mashoko a mpweya, Airmatic, ndimawakana kwa aliyense amene sanalemere kale. Muyese chonchi: isiyeni usiku wonse, m'mawa muone ngati ngodya ina yakhala pansi. Ngati mukufunadi E-Class, W212 ya masipuling'i wamba ndi imene ndingakuikireni dzanja langa.

BMW ndi yokoma poyendetsa, sindikana. E90 320i ya injini ya N46 isiyeni ilire pamalo amodzi mphindi 10, kenako muponde: utsi wabuluu ndi masili a mavalavu. N52 ya masilinda 6 ndi injini yabwino, koma pampu yake ya madzi ndi ya magetsi ndipo imafa osatsanzika, ndiye mukaigula musinthe pamodzi ndi thermostat musanapite nayo ku Chipata. N20 ya mu F30 ndi F10 ya zaka zoyambirira imaswa mapulasitiki otsogolera tcheni. N47 ya dizilo tcheni chake chili kumbuyo, mbali ya giyabokosi, ntchito yodula. Ndipo dizilo iliyonse ya ku Ulaya yokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa utsi, musaigulire maulendo a ku Woodlands ndi ku Cairo Road. Sefa imeneyo imadziyeretsa pa mtunda wautali injini itatentha, pa mzere wa pa Kafue Roundabout imangotsekeka. Audi A4 B8 ya 2.0 TFSI yoyambirira imamwa oyilo chifukwa cha maring'i, ndipo giyabokosi ya Multitronic sindiilowetsa m'yadi mwanga.

Za mapepala ndiye pamene anthu amaphedwera. Ya ku Japan yodutsa pa okushoni imakhala ndi auction sheet, pepala lofotokoza mmene oyesa anaipezera. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R kapena RA ndi yochita ngozi nkukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto, A ndi kukalika, U ndi kupindika, W ndi popentedwanso, XX ndi chitsulo chosinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Musalandire pepala lomasuliridwa kale ndi wogulitsa. Funani la Chijapanizi lenilenilo, ndipo mulitsimikizire kwina ndi nambala ya chesisi. Kenako export certificate: imalemba makilomita amene galimoto inali nawo pa mayeso awiri omaliza a boma la Japan, otchedwa shaken, ndi madeti ake. Ikanena kuti zaka zitatu zapitazo inali pa 118,000 ndipo lero wotchi ikuti 64,000, mwaona nokha. Ya ku UK mbiri ya mayeso ake a pachaka, otchedwa MOT, ili poyera pa intaneti, mumangolemba nambala yake. Ndipo iyesedwe isanakwere sitima ndi kampani yovomerezedwa ndi ZCSA, bungwe la boma loona miyezo ya katundu, apo ayi mudzalipira chindapusa ikafika.

Pepala labodza linatsala pang'ono kunditsekera bizinesi mu 2015. Inali W211 yakuda, ya oda, mwini wake atapereka theka mu kwacha. Amene anandigulira kutsidya, munthu amene tinkachita naye malonda bwinobwino, ananditumizira pepala la giredi 4.5. Galimoto inafika padoko yonunkhira mafuta onunkhiritsa mpaka kuwawa m'mphuno. Pa boda ina, imene sinditchula, wolemba anasokoneza nambala imodzi ya chesisi pa mapepala awo, kenako nkundiuza kuti galimoto imene ndabweretsa si imene ili m'kompyuta. Cholakwa chawo, koma woyenda ofesi ndi ofesi ndinali ine. Lero bwana wapita ku msonkhano, mawa netiweki yagwa, mkuja amene analemba ali patchuthi ndipo wina sangakhudze ntchito ya mnzake. Ndalama ya yadi ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku, dalaivala akudya ndi kugona pa thumba langa. Munthu wakhala pampando, cholembera m'manja, akukuyang'anani kudikira kuti munene nokha mawu amene akufuna kumva. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwira, chifukwa kukonza nambalayo inali ntchito ya mphindi zochepa. Chaka chimenecho kwacha inachoka pa K6 ndi kanthu pa dola kumayambiriro nkukadutsa K12 chakumapeto, ndiye theka lija linasungunukira m'manja pamene ngongole zanga zinali za madola.

Itafika kuno mvula yoyamba itagwa, mawaipa anayamba kuyenda okha, magetsi akumbuyo osazima, batire kutha usiku umodzi. Titachotsa tayala la sipeya tinapeza matope osalala ouma m'makona. Titakweza kapeti, siponji ya pansi inali idakali yonyowa, timano ta mapulagi tobiriwira ngati ndiwo. Inamira m'madzi kwawo komweko, anangoichapa. Bokosi la SAM la m'buti, loyendetsa za magetsi, linali litadyeka, tinasintha, mwezi wotsatira lina. Mwini wake ndinamubwezera ndalama yake yonse, ndinagulitsa galimoto ziwiri pa mtengo wogulira kuti ndikwanitse, ndipo Benzyo inatha ndi kuphwasulidwa. Palibe kasitomala wanga amene anatayapo ngwee chifukwa cha ine, funsani aliyense.

Ndiye inu, galimoto iliyonse, ngakhale ya m'yadi ya mnzanu wa kutchalitchi, kokani lamba wapampando mpaka kumapeto muone mzere wa madzi. Suzumirani njanji za mipando ndi zitsulo zosapenta za pansi pa dashibodi. Dzimbiri kumeneko silibwera ndi mvula. Tsegulani chotsekera oyilo: phala lakuda ndi galimoto yosasamalidwa, loyera ngati mkaka ndi madzi olowa mu injini. Tembenuzani kiyi osaliza, muwerenge magetsi onse, la injini, la ABS, la airbag. Limene silikuyaka nkomwe alimata kapena alichotsa. Sikana ikhale yowerenga mabokosi onse a galimotoyo, osati ka m'thumba kongowerenga injini. Makiyi akhale awiri. Matayala ali ndi manambala anayi a sabata ndi chaka, 2318 ndi sabata ya 23 mu 2018, ndipo a ku Japan amabwera mapazi akadali akuya koma mphira itauma. Marimu a 18 ndi 19 asiyireni a zithunzi. Pa maenje athu 16 kapena 17 ndi amene amabwerako amoyo, ndipo BMW ya matayala oyenda ngakhale ataphwa, a run-flat, ilibe tayala la sipeya, mugule.

Njira yake mukuidziwa, Dar es Salaam, Tunduma, Nakonde, kutsika ndi Great North Road kudzera Mpika, Serenje ndi Kapiri Mposhi, makilomita pafupifupi 1,900. Mtengo wa CIF, wa galimoto, inshuwalansi ndi sitima pamodzi, umene mukuona pa foni umathera padoko. Za padoko, ejenti, bondi, mafuta, dalaivala, msonkho, carbon tax, apolisi a Interpol, kulembetsa galimoto ku RTSA ndi buku la umwini (white book), inshuwalansi, zonsezo nzanu. Galimoto yotsika ngati imeneyi ndimaikweza pa lole. Madalaivala ena ndi abwino, koma ambiri amalipidwa pa ulendo, ndiye amathamanga kuti abwerere, amanyamula anthu m'njira, ndipo mahampu a ku Mikumi ndi mapiri a Kitonga sawachitira chifundo. Ikafika kuno pulasitiki ya pansi kulibe, batire ndi lina. Ejenti aijambule mbali zonse padoko, wotchi ya makilomita, batire, jeke ndi tayala la sipeya, asanapereke kiyi kwa aliyense. Ndipo nambala ya chesisi muiwerenge nokha pa pepala lililonse musanachoke pawindo, chilembo ndi chilembo. Za ku UK zimadzeranso Walvis Bay nkulowera ku Katima Mulilo, kapena Durban nkudzera Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Yokhala ndi nambala ya ku South Africa yopanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO musaikhudze, ngakhale mtengo ukhale wotani, mudzailandidwa nkukhala mukufotokoza kupolisi.

Ndalama zonse musathere pogula. Pa Toyota siyani gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wofikira kuno, pa ya ku Germany magawo awiri, ndipo muziwononge sabata yoyamba: oyilo wa giredi yolembedwa m'buku lake ndi sefa, oyilo wa giyabokosi ngakhale akuuzeni kuti sasinthidwa, madzi a rediyeta enieni osati a pampopi, madzi a mabuleki, mapulagi. Fumbi lathu likufuna oyilo watsopano pa makilomita 5,000 alionse, osadikira kompyuta ya galimoto. Wailesi ya ku Japan imathera pa 90 MHz, ikani expander, kachipangizo koti izigwira masiteshoni onse a kuno. Nthawi ya mvula musatsatire minibasi m'madzi a ku Kanyama, chifukwa galimotozi zimakoka mpweya chapansi ndipo madzi ochepa chabe amapinda ma con rod, zitsulo zogwira mapisitoni. Makaniko mumupeze musanagule, mukaone nokha ngati m'galaja mwake muli galimoto za mtundu umenewo zimene zikutulukamo zikuyenda.

Nditumizireni nambala ya chesisi, auction sheet ya Chijapanizi, export certificate ndi kavidiyo koiliza itazizira boneti ili yotsegula. Dipoziti musapereke ndisanazione.