Mtunda wa pandege kuchoka pa Chileka kukafika ku London

Achemwali mwafunsa kuti kuchoka pa Chileka kukafika pa Heathrow ku London ndi makilomita angati komanso mwana wanuyo akhala maola angati m'mwamba, ndiyankheko ine poti ulendowu ndinauyendapo kawiri kukaona mlongo wanga.

Mukati muyeze chingwe pa mapu mowongoka, ndi makilomita pafupifupi 8,200. Ndege zikuluzikulu zija zimathamanga cha m'ma 850 mpaka 900 pa ola, ndiye kuwerengetsa kwake ndi maola ngati 10 basi. Koma nambala imeneyi isakunamizeni chifukwa palibe ndege yonyamuka pa Chileka n'kukatera ku London osasintha, olo ku KIA ku Lumbadzi kulibenso. Ndiye mtunda weniweni uli pa tikiti yomwe mwagula, kuti akasinthira kuti.

Akadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian, Chileka mpaka Bole, eyapoti ya ku Addis, ndi makilomita cha m'ma 2,800, kenako Addis mpaka London cha m'ma 5,900, zonse pamodzi 8,700, sikupatuka kwenikweni poti Addis ili kale kumpoto komwe akulowera. Koma akadzera ku Joni eee, ayamba kaye wabwerera kummwera makilomita 1,300 ndi kanthu, maola awiri, kenako OR Tambo, eyapoti ya ku Joniko, mpaka Heathrow ndi oposa 9,000, maola 11 ali pampando umodzi miyendo kutupa. Zonse zikupitirira 10,000. Zili ngati munthu wa pa Luchenza akufuna ku Limbe koma ayambe kaye wakafika ku Muloza kkkk. Ine njira ya ku Joni ndingaitenge pokhapokha tikiti yake ikhale yotchipa zenizeni.

Chomwe chimatopetsa si kuuluka ayi, ndi kudikira. Ulendo woyamba ndinakhala pa eyapoti maola 7 kudikira ndege yachiwiri, tiyi wake wodula ngati wagula esiteti yonse ya ku Thyolo, ndinangomwa madzi. Ndiye pa tikitipo musangoona mtengo, onani nthawi yomwe yalembedwa pakati pa ndege ziwirizo, ikachepa kwambiri akhoza kusiyidwa, ikachuluka agona pa benchi.

China chomwe chimasokoneza anthu, nthawi yofikira imalembedwa ya kumeneko. UK ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri nthawi yawo yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ndi ola limodzi lokha, ndiye musayambe kulira kuti sanaimbe foni pomwe akadali m'mwamba, kutalika kwake kuposa Sapitwa katatu.

Kuchoka pa Chitakale anyamuke m'mamawa, asadalire minibasi yodikira kudzadza, pa Chileka afike maola atatu ndege isananyamuke. Ndipo juzi asaike m'chikwama chachikulu chija, ayinyamule pamanja, m'ndege usiku mumazizira kuposa Juni wa ku Mulanje.