Za mabushi a Teflon mu piyano ya Steinway

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene piyano ya Steinway ya ku tchalitchi kwanu, yopangidwa m'zaka za m'ma 1970, imamvekera kuti ke-ke-ke m'dzinja koma makiyi ake n'kumalemera m'chilimwe, ndiponso ngati kuthira mafuta kungathandize. Mafutawo musathire, chifukwa sangafike pamene pali vuto.

Kuyambira mu 1962 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, fakitale ya Steinway ya ku New York inkaika timabushi (timphete tokhala m'bowo la thabwa mmene mumadutsa pini) ta pulasitiki ya Teflon m'malo onse amene hamala yomenya waya ndi tizigawo tina timazungulira pa pini, pamene kale ndi lero pomwe amaikapo nsalu ya ubweya. Fakitale ya Steinway ya ku Hamburg, ku Germany, sinatsate njira imeneyi, choncho yambani mwatsimikiza kumene piyano yanuyo inapangidwira. Maganizo ake anali abwino, pakuti Teflon ndi yoterera ndipo simwa chinyezi. Koma thabwa limene bushiyo yakhalamo limamwa chinyezi ndithu. Mvula ikamagwa thabwalo limafufuma, bowo lake limakula, bushi imayamba kugwedera, ndipo phokoso mukulimvalo ndi limenelo. Kunja kukauma bowo limachepa n'kufinya bushi pa pini, hamala n'kumabwerera mwaulesi. Nsalu imachita zosiyana ndi zimenezi, imathina m'dzinja, n'chifukwa chake amisiri ozolowera nsalu amasokonezeka akakumana ndi Teflon.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti nsalu ikapanikizidwa imabwerera, pamene Teflon ikaphwanyika kapena kukandika imakhala choncho mpaka kalekale. Mowa wa spiriti wosakaniza ndi madzi umene amadonthezera pa nsalu kuti imasuke sugwira ntchito pano. Reamer (kachitsulo kokulitsira bowo) yosongoka, yokula chakumbuyo, imasiya bowo lotakasuka mbali imodzi, motero pamafunika reamer yowongoka yolingana ndendende ndi pini, yoizunguza ndi zala pang'onopang'ono. Mapini ake ndi a mamilimita pafupifupi 1.3 ndipo amasiyana pang'ono kwambiri kukula kwake, choncho ayezeni ndi micrometer (chipangizo choyezera tinthu ting'onoting'ono), osadalira maso. Chinanso chimene ambiri amachinyozera ndi nsonga ya pini. Pini yodulidwa ndi pulayala imakhala ndi mano, ndipo ikamalowa imapala bushi yatsopano nthawi yomweyo. Gwiritsani ntchito mapini odulidwa kale okhala ndi nsonga zosalala, kapena muziyamba mwasalaza nsongayo musanailowetse.

Musanachotse chilichonse, pezani chimene chikugwedera. Masulani hamala imodzi pamodzi ndi flange yake (kathabwa kamene hamala imalumikizidwako ndi pini), muigwedezere uku ndi uku pafupi ndi khutu, kwinaku mukuyang'anitsitsa. Ngati pini ndiyo ikusewera m'kati mwa bushi, pini yokulirapo pang'ono ikwanira. Ngati bushi yonse ikusuntha m'thabwa, pini yokulirapo sithandiza, ndipo muyenera kuikankha bushiyo n'kuikamo ina; mabushi amene anadzapangidwa pambuyo pake anali ndi mizere kunja kuti azigwira thabwa bwino. Mukamaliza, gwirani flange, hamala ilendewere, muikweze chammbali n'kuisiya. Ikayenda kangapo, mwina kanayi mpaka kasanu ndi kawiri, n'kuima, ndiye kuti zili bwino. Ikaima msanga yathina, ikapitirira kwambiri yamasuka.

Nthawi yogwirira ntchitoyi musaipeputse. Mukakonza pakati pa mvula ya mu Febuluwale, pofika Okutobala zonse zidzathina, ndipo mukakonza m'chilimwe phokoso lidzabwerera ndi mvula yoyamba. Ndi bwino kuyamba mwachepetsa kusinthasintha kwa chinyezi, mwa kuichotsa piyanoyo pafupi ndi zenera kapena khoma lonyowa ndi kuikamo kachipangizo kosunga chinyezi pafupi ndi 42 peresenti monga ka Dampp-Chaser, kenako mudikire milungu ingapo musanayezenso.

Mwa kuona kwanga, ngati olira ndi makiyi owerengeka, konzani amenewo okha ndipo ena onse muwasiye, pakuti mapiyano ambiri a nthawi imeneyo thabwa lake linakhazikika ndipo akuimba bwino. Koma ngati ndi theka la makiyi 88 aja, ndalama zolipira mmisiri chaka ndi chaka zidzaposa mtengo wa tizigawo tatsopano tokhala ndi mabushi a nsalu ta kampani ya Steinway kapena ya Renner, ndipo poitanitsa mumutumizire wogulitsayo hamala yakale imodzi ndi flange yake kuti miyeso ifanane.