Masiku asanu ku Scotland ndi amayi: tsatani njanji ya Stirling ndi Perth

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Akuti amayi awo akubwera kuchokera ku Zomba mu June kudzaona chidzukulu, ndipo iwo apempha tchuthi cha masiku asanu kuti akawayendetseko ku Scotland. Amayiwo ndi a Mvano, zaka zawo zapitirira 60, mawondo amawavuta, koma anenetsa kuti sabwerera kumudzi asanaponde pamene anabadwira Livingstone. Mwana wawoyo mtima uli pa malinga a mafumu ndi timatauni ta kumtunda. Funso lawo ndi ili: "Kodi tigone ku Edinburgh masiku onsewo n'kumakwera mabasi a alendo opita ku Loch Ness, kapena pali njira ina? Galimoto ndilibe."

Achemwali, basi ya ku Loch Ness ija isiyeni. Imanyamuka ku Edinburgh m'mamawa n'kubwerako usiku, maola pafupifupi 12, ndipo ambiri mwa maolawo muli pampando. Amakutsitsani mphindi zochepa kuti mujambule, kenako nonse m'basi. Amayi adzatsika miyendo itatupa, ndipo mukadzawafunsa zimene aona adzangoti mapiri ndi nkhosa.

Ine ndingakulangizeni njanji imodzi yokha: Glasgow, Stirling, Perth, Dunkeld, Pitlochry, mpaka Blair Atholl. Kuchoka tauni ina kufika inzake sipatha ola. Koma chifukwa changa chachikulu si mawondo a amayi okha. Linga ukaliona palokha ndi mulu wa miyala basi, ndipo ukaona atatu umatopa nawo. Limayamba kukoma ukaona chimene linkalondera, kaya ndi mlatho, chigwa chopapatiza, kapena njira ya ng'ombe. Njanji imeneyi imatsata njira yakale yochokera kuzigwa za kummwera kukwera kumapiri a Highlands, ndiye mukamayenda pang'onopang'ono dziko lenilenilo limakuuzani chifukwa chake linga lililonse lili pamene lili.

Yambani ndi zofuna za amayi, mitima ikhale pansi. Kuchokera ku Manchester pali sitima yolunjika ku Glasgow Central, ulendo wa maola atatu ndi mphindi zingapo. Pa siteshoni yomweyo, mukatsikira kunsi, mupeza sitima ya ku Blantyre, ndipo sipatha theka la ola musanafike. Muwachenjezeretu amayi kuti Blantyre wa kumeneko ndi katauni wamba, sangafanane n'komwe ndi wathu amene amishoni a Church of Scotland anamutcha dzinali mu 1876. Nyumba imene mukufuna ndi Shuttle Row, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Inali nyumba ya antchito a fakitale ya thonje, mabanja 24 m'nyumba imodzi, banja lililonse chipinda chimodzi. David Livingstone anabadwira m'chimodzi mwa zipindazo pa 19 March 1813, ndipo ali ndi zaka 10 anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita kusukulu. Chipindacho chikadalipo ndipo mumalowamo. Kwa ine ndicho chinthu chogwira mtima pamalo ponsepo, chifukwa ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti munthuyu anachokera ku banja la mabwana.

Malowa anawakonzanso n'kuwatsegula mu 2021, ndipo tsopano akufotokoza mokwanira za anthu akuda amene anamuyendetsa, kumumasulira zilankhulo ndi kumudyetsa. Muwasonyeze amayi za Susi ndi Chuma, amene anatsogolera gulu lonyamula mtembo wake atamwalira kwa Chitambo mu 1873, mpaka kukaufikitsa ku Bagamoyo. Chuma anali mnyamata wa Chiyao amene anawomboledwa kwa ogula akapolo m'mapiri a Shire mu 1861. Kutsidya kwa mtsinje kuli Bothwell Castle, linga la miyala yofiira la m'zaka za m'ma 1200. Ngati amayi atopa, lisakudandaulitseni, za mawa ndi zazikulu.

Ku Stirling mugone masiku awiri. Musathamangire kulowa m'zipinda mukafika pa linga. Pitani kaye pakhoma muyang'ane pansi. Linga lili pamwamba pa thanthwe, mbali zitatu ndi phompho. Kummawa mtsinje wa Forth umapita ukukula mpaka kunyanja, ndipo kalelo sukanawolokeka wapansi. Kumadzulo, kumene lero kuli minda yosalala, kunali zithaphwi zomiza munthu ndi kavalo yemwe, mpaka anazikhetsa madzi m'zaka za m'ma 1700. Ndiye kwa zaka mazana ambiri aliyense wofuna kupita kumpoto ndi gulu lankhondo, kapena kutsika kummwera ndi ng'ombe zamalonda, ankayenera kudutsa pa mlatho wa Stirling, pamaso pa linga limeneli. Mukangoona zimenezi, nkhondo zonse zimene akalozera amazitchula zimalowa m'mutu mosavuta.

Pa 11 September 1297 gulu la Angelezi linayamba kuwoloka mlathowo, umene pa nthawiyo unali wamatabwa, wokwana akavalo awiri okha moyandikana. Atsogoleri a asilikali a Scotland, William Wallace ndi Andrew Moray, anadikira mpaka gawo lina litawoloka, kenako anatseka mlatho n'kuwakantha amene anali tsidya lino, anzawo akuonerera tsidya linalo osatha kuwathandiza. Mu June 1314 Robert the Bruce, mfumu ya Scotland, anagonjetsa Edward II, mfumu ya England, pa Bannockburn, makilomita ochepa kummwera, ndipo nkhondoyo inali yolimbirana linga lomweli. Atalitenga analigwetsa dala kuti Angelezi asadzabisalemonso. N'chifukwa chake zimene muone lero si za nthawi ya Wallace ayi. Zambiri anamanga ndi mafumu a banja la Stewart pakati pa 1490 ndi 1600. Holo yaikulu, yopakidwa laimu wachikasu woonekera kutali, ndi ya James IV, ya cha m'ma 1503. Nyumba yachifumu ndi ya James V, ya m'ma 1540. Mwana wake Mary anavekedwa ufumu m'lingamo mu 1543 ali wa miyezi 9. Asilikali anakhalamo mpaka 1964 ndipo anawononga zambiri, choncho mitundu yowala ya m'zipinda zachifumu ndi yokonzanso, ya mu 2011. Ena amanyansidwa nayo, amati ikuoneka yatsopano kwambiri. Ine ndimaikonda, chifukwa mafumu sankakhala m'mabwinja otuwa.

Potsika, imani pa tchalitchi cha Holy Rude, pafupi pomwepo. M'menemo James VI anavekedwa ufumu mu 1567 ali wa chaka chimodzi, ndipo amene analalikira tsikulo anali John Knox. Kwa mayi wa CCAP amenewa ndiwo makolo a mpingo wawo, ndipo musadabwe akakhalitsamo kuposa m'linga. Msewu wokwera kuchokera kusiteshoni ndi wotsetsereka komanso wamiyala, ndiye pokwera tengani takisi. Nsanja ya Wallace imene muione pa phiri la kutsidya, yomangidwa mu 1869, ili ndi masitepe 246 ozungulira. Amayi aionere patali. Tsiku lachiwiri, ngati inuyo mukufunabe linga, kwerani basi ya ku Doune, makilomita 13 okha. Ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 ndipo silinasinthidwe kwambiri, khitchini yake ili ndi malo osonkhapo moto okwana kuotcha ng'ombe yathunthu. Masitepe ake ndi opapatiza, koma pabwalo ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Teith amayi angakhale bwinobwino.

Perth musagonepo, maola atatu akwana. Ku Perth Museum, imene inatsegulidwa mu 2024 ndipo kulowa n'kwaulere, kuli mwala umene mafumu akale a Scotland ankakhalapo powaveka ufumu ku Scone. Edward I, mfumu ya England, anaulanda mu 1296, unakhala ku Westminster zaka 700, unabwezedwa mu 1996, ndipo mu 2023 anaubwereka kukauika pansi pa mpando wa Charles III. Ndi mwala wamba wooneka ngati wa pamaziko a nyumba. Uoneni, museke pang'ono, mukwere sitima.

Mphindi 20 kuchoka pa Perth dziko limasintha mwadzidzidzi, minda imatha, mapiri ndi nkhalango zimayamba. Pamenepo ndi pa Dunkeld, ndipo ngati pali malo amene ndingakukakamizeni kugonapo masiku awiri otsalawo ndi amenewa. Siteshoni ili ku Birnam, tsidya lina, ndipo mumalowa m'tauni powoloka mtsinje wa Tay pa mlatho wa miyala umene Thomas Telford anamaliza mu 1809. Tauni yonse ndi misewu iwiri. Tinyumba toyera ta mumsewu wopita kutchalitchi tinamangidwa pambuyo pa 1689, pamene nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi otsatira mfumu James VII yochotsedwa pampando inatentha pafupifupi tauni yonse. Tchalitchi chachikulu chili pa kapinga m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa mitengo italiitali. Theka lake lilibe denga kuyambira nthawi ya kusintha kwa mpingo cha m'ma 1560, theka linalo ndi tchalitchi cha Church of Scotland chimene anthu amapempheramobe. Mukakonza kuti Lamulungu likupezeni pamenepa, amayi akapemphera ndi eni dera, ndipo nyimbo zina adzazizindikira ndi maimbidwe ake ngakhale mawu ali a Chingelezi. Akanena kuti achokera ku Malawi, tiyi wa pambuyo pa mapemphero satha msanga, chifukwa mipingo ndi masukulu ambiri a ku Scotland ali pa ubale ndi anzawo a kwathu.

Makilomita atatu kuchoka m'tauni kuli The Hermitage, njira ya m'nkhalango ya mitengo ina yaitali kwambiri mu Britain, yokathera pa mathithi a mtsinje wa Braan. Kuchokera poimika magalimoto njirayo ndi yosavuta, amayi angaithe atagwira ndodo. Nkhalango zimenezi si zachilengedwe zonse. Akuluakulu a banja la Atholl, eni dera lonseli, anabzala mitengo mamiliyoni m'zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa 1800.

Kuchokera pa Dunkeld, Blair Atholl ndi ulendo wa tsiku limodzi, koma onetsetsani nthawi, si sitima zonse zimene zimaima pa masiteshoni awiriwa. Blair Castle ndi yoyera mbee, mbali yake yakale kwambiri ndi ya mu 1269, ndipo inamangidwa pamene njira ya kumpoto imapanikizika pakati pa mapiri. Ndilo linga lomaliza kuzingidwa ndi adani mu Britain, mu 1746, ndipo amene analizinga anali Lord George Murray, mng'ono wake wa mwini nyumba. Mpaka lero Duke wa ku Atholl ali ndi kagulu kake ka asilikali, Atholl Highlanders, kamene Mfumukazi Victoria inakapatsa mbendera mu 1845 itachezako chaka cham'mbuyo. Sikamenya nkhondo, kamangoguba pa zikondwerero. M'katimo muli zipinda pafupifupi 30, mfuti ndi nyanga za agwape zodzaza makoma. Pobwerera tsikani pa Pitlochry ola limodzi. Msewu wake waukulu ndi wa masitolo a alendo okhaokha, sundikoka mtima, koma pa damu la magetsi la mu 1951 pali timaiwe 34 tosanjikizana timene anapangira nsomba za salmon kuti zizikwera mtsinje kukaswa, monga zichitira mpasa mu Bua.

Pali funso limene amayi adzakufunsani ali pawindo la sitima, chifukwa mlimi aliyense amalifunsa: dziko lonseli, anthu ali kuti? Zigwa zambiri zimene lero muli nkhosa ndi agwape zinali ndi midzi. Kuyambira cha m'ma 1750 mpaka cha m'ma 1860 eni malo anachotsa anthu, ena powakweza lendi, ena powagwetsera nyumba, chifukwa nkhosa zinkabweretsa ndalama zambiri kuposa alimi. Ena anawoloka nyanja kupita ku Canada, ena anatsikira m'mafakitale a m'mbali mwa Clyde. Agogo ake a Livingstone anachoka pa chilumba cha Ulva mu 1792 n'kukapeza ntchito pa fakitale ya ku Blantyre ija. Mukayenda m'mapirimo n'kuona timipanda ta miyala tamakona anayi m'maudzu, amenewo ndi mabwinja a nyumba. Mpaka pano malo ambiri a kumidzi ku Scotland ali m'manja mwa anthu ochepa kwambiri. Chosangalatsa n'choti lamulo la mu 2003 limalola aliyense kuyenda wapansi pafupifupi paliponse, bola osalowa pabwalo la nyumba ya munthu, osaponda mbewu, ndipo chipata muchisiye mmene mwachipezera.

Tsopano za m'thumba ndi za m'mimba. Visa ya amayi ya ku UK ikukwanira, palibe chipata pakati pa England ndi Scotland. Gulani Two Together Railcard, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti mukamayenda awiri, kungoti m'kati mwa sabata imayamba kugwira ntchito 9:30 m'mawa. Stirling, Doune ndi Bothwell ali m'manja mwa Historic Environment Scotland, ndipo ndi bwino kugula matikiti pa intaneti n'kuonanso ngati mbali zina sizinatsekedwe pokonza makoma. Blair Castle ndi ya eni ake, tikiti yake ndi yapadera.

Pa Dunkeld pezani kanyumba kokhala ndi khitchini m'malo mwa hotela, ndipo munyamule ufa. M'timatauni totere malo odyera ambiri amasiya kuphika cha m'ma 8 koloko, pamene mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10, ndiye munthu umapusitsika n'kuwala n'kupeza atseka. Komanso amayi sangathe masiku asanu ndi supu ndi masikono okha. Haggis alaweko kamodzi, ndi zam'kati za nkhosa zosakaniza ndi oats, anyezi ndi tsabola. Jekete lamvula ndi juzi musasiye ngakhale kucha kowala. Madzulo kukakhala bata, m'mphepete mwa mtsinje mumatuluka tizilombo ting'onoting'ono toluma totchedwa midges. Malungo tilibe, koma kuyabwa kwake n'kosautsa, choncho gulani mankhwala odzola ku famase iliyonse ya ku Stirling musanakwere kumtunda.