Kodi smooth jazz ndi mwana wa m'nyumba kapena ndi mlendo? Yankho kwa woyimba gitala wa ku Lilongwe

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Lilongwe amene amaliza gitala kutchalitchi Lamulungu, ndipo Lachisanu madzulo iye ndi anzake anayi amasangalatsa alendo pa hotela ina mumzindawo. Akuti pa nyimbo zimene amayimba amasakaniza za George Benson ndi Grover Washington Jr. ndi zina zakale za Duke Ellington. Tsiku lina atamaliza kuyimba, bambo ena achikulire okonda jazi anawatsata n'kuwauza kuti smooth jazz, jazi yofewa ngati ya Benson ndi Washington, si jazi ayi, koma nyimbo zoperekezera chakudya, ndipo kuziyimba pamodzi ndi za Ellington ndi kunyoza chuma chimene anthu akuda a ku America anachikhetsera thukuta. Iye akufunsa ngati bambowo ananena zoona, ndiponso ngati gulu lawo liyenera kusankha mbali imodzi.

Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ine ndikuti musasiye kusakaniza, koma bambowo musawapeputse, chifukwa pali chinthu chenicheni chimene akuchiteteza, ngakhale kuti mpanda wawo aumanga pamalo olakwika.

Tiyambe ndi chumacho. Mumzinda wa New Orleans muli bwalo lotchedwa Congo Square, pamene akapolo ochokera kuno ku Africa ankaloledwa kusonkhana Lamulungu n'kumayimba ng'oma ndi kuvina, ndipo lamulo la mzindawo la 1817 linanena kuti misonkhano yotereyi izichitikira pamalo amenewo basi. Ukapolo utatha mu 1865, zidzukulu za anthu amenewa zinatenga malipenga a mabandi a asilikali, nyimbo za m'tchalitchi, nyimbo za kumunda ndi blues, n'kuziphika mumphika umodzi. Chimene chinatuluka chinali ndi zizindikiro zimene ife sitingazisowe: mmodzi amatsogolera ena n'kumavomera, monga zimakhalira pamtondo kapena pamaliro, chida chimalira ngati pakhosi pa munthu, chikubuula ndi kupindika m'malo mowongoka ngati mmene zalembedwera papepala, ndipo woyimba amapeka pomwepo, anzake akumumvetsera ndi kumuyankha. Munthu akanena za cholowa cha anthu akuda mu jazi, zimene akunena kwenikweni ndi zimenezi. Dzina la mtundu wa nyimbo limabwera pambuyo.

Chimene okonda jazi yakale amaiwala kawirikawiri ndi chakuti nyimbo zimenezi zinabadwira m'malo ovinira, ndipo oyimba ake ankafuna kudya. Buddy Bolden, woliza lipenga amene ambiri amamutcha kholo la jazi, ankayimba pa madansi cha m'ma 1900, ndipo palibe chimbale chake chimene chinatsala. Ellington amene bambo aja akumulemekeza anatchuka akuyimba ku Cotton Club ku Harlem kuyambira 1927 mpaka 1931, malo amene oyimba anali akuda koma makasitomala anali azungu, ndipo makasitomalawo ankadya ndi kumwa iye akuyimba. Pamene Charlie Parker, Dizzy Gillespie ndi Thelonious Monk anabweretsa bebop m'zaka za m'ma 1940, akuluakulu ambiri anadandaula kuti anyamatawa aononga jazi chifukwa siyikuvinikanso. Miles Davis atalowetsa magitala ndi makiyibodi amagetsi cha m'ma 1970, ena anati wagulitsa mtundu. Choncho mawu akuti iyi si jazi ndi akale ngati jaziyo, ndipo m'badwo uliwonse wawalankhula kwa ana ake.

Tsopano tione kumene smooth jazz inachokera, chifukwa apa ndi pamene ndikusiyana ndi bambo aja. Inu ndinu woliza gitala, ndiye Wes Montgomery mukumudziwa. Munthuyu ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo masana ku Indianapolis, usiku n'kumayimba m'makalabu, ndipo pofuna kuti asasokose m'nyumba pophunzira anasiya kachokhwatchira kaja n'kumaliza zingwe ndi chala chachikulu. Kuchokera pamenepo kunatuluka kaliridwe kofewa, konenepa, kamene amaliza notsi imodzi pa zingwe ziwiri nthawi imodzi, ina pansi ina pamwamba. Palibe wokonda jazi yakale amene angakane kuti Montgomery anali katswiri weniweni wa bebop. Koma ndi yemweyo amene, mothandizidwa ndi wojambula nyimbo Creed Taylor, anatulutsa zimbale zokhala ndi mavayolini ndi nyimbo zotchuka za pawailesi m'zaka zake zomaliza, asanamwalire mu 1968. Olemba nkhani za jazi ena anakwiya, koma anthu anagula, ndipo bambo wa ana asanu ndi awiri anapeza cholerera banja. Kaliridwe kamene mumakamva lero m'nyimbo zambiri za smooth jazz zokhala ndi gitala kanachokera pa chala chimenecho.

George Benson, wa ku Pittsburgh, anakulira m'gulu la Jack McDuff, woliza limba lamagetsi, akuyendayenda m'makalabu a m'madera okhala anthu akuda, kumene woyimba amene sakutha kuliza blues ankatsitsidwa pansanja usiku womwewo. Mu 1968 anajambula nyimbo ndi Miles Davis. Chimbale chake cha Breezin' cha 1976, chimene ambiri amachiyesa chiyambi cha smooth jazz, chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, ndipo nyimbo ina ya m'menemo inapata mphotho ya Grammy ya nyimbo yojambulidwa bwino koposa m'chakacho. Grover Washington Jr. anabadwira ku Buffalo n'kukhazikika ku Philadelphia, ndipo mwayi wake unabwera mu 1971 pamene Hank Crawford analephera kufika ku situdiyo, iye n'kupemphedwa kuti atenge malo ake. Anyamata a ku Houston, Joe Sample ndi anzake, anayimba zaka khumi monga Jazz Crusaders asanachotse liwu la Jazz pa dzina lawo mu 1971. Anthu onsewa sanalowere pazenera. Anaphunzira ntchitoyi kwa eniake, kenaka anaisakaniza ndi soul, funk ndi nyimbo za m'tchalitchi, zomwenso ndi zophikidwa m'nyumba yomweyo. Ngakhale pulogalamu ya usiku ya nyimbo zofewa yotchedwa Quiet Storm, imene inakonza makutu a anthu ambiri kuti alandire mtunduwu, inayambira mu 1976 pa wailesi ya WHUR ya Howard University, sukulu ya ukachenjede ya anthu akuda ku Washington. Omvera oyamba a nyimbo zimenezi anali anthu akuda ogwira ntchito, amene ankafuna jazi yoti n'kumvera pobwera kuntchito, paukwati ndiponso powotcha nyama panja Loweruka.

Nanga bambo aja mkwiyo wawo ukuchokera kuti? Ukuchokera ku zimene zinachitika kuyambira 1987, ndipo pamenepa ndili kumbali yawo. M'chaka chimenecho wailesi ya KTWV ya ku Los Angeles, yodziwika kuti The Wave, ndi ya WNUA ya ku Chicago zinayamba kuulutsa nyimbo zofewazi tsiku lonse, ndipo dzina lakuti smooth jazz linafala kudzera m'mawailesi ndi makampani ofufuza zokonda za omvera, osati kudzera mwa oyimba. Mawailesiwa ankafuna nyimbo zosadzidzimutsa munthu amene ali mu ofesi kapena pa chiwongolero, zoti asasinthe siteshoni otsatsa malonda asanalankhule. Zotsatira zake, nyimbo zinafupikitsidwa kufika pa mphindi zinayi kapena kuchepera, solo yaitali inadulidwa, woyimba ng'oma m'nyimbo zambiri analowedwa m'malo ndi makina, ndipo oyimba ankajambula aliyense payekha, tsiku lakelake, osaonana maso. Mukachotsa kuyankhana, n'kuchotsanso kubuula kwa blues, chotsala ndi chikomekome cha mkuyu. Nyimbo zambiri za nthawi imeneyo zinalidi choncho, ndipo sindiona chifukwa choziikira kumbuyo.

Panalinso chilonda china. Munthu amene anakhala nkhope ya mtunduwu padziko lonse ndi Kenny G, mzungu, amene chimbale chake cha 1992 chinagulidwa makope oposa 12 miliyoni ku America kokha, pamene akatswiri akuda amene anayala maziko ake sanayandikireko chiwerengero chimenecho. Kwa munthu wodziwa mbiri, zimenezi zinakumbutsa 1917, pamene gulu loyamba kujambula jazi pa chimbale linali la azungu, la Original Dixieland Jass Band, eniake akadali kunja kwa situdiyo. Ndipo pamene Kenny G mu 1999 anaika sakisofoni yake pamwamba pa mawu a Louis Armstrong, amene anamwalira mu 1971, woliza gitala Pat Metheny anamudzudzula poyera ndi mawu owawa, ndipo oyimba ambiri anagwirizana naye. M'chaka cha 1987 chija, pamene mawailesi aja ankayamba, nyumba ya malamulo ya America inavomereza chigamulo chimene anabweretsa phungu wachikuda John Conyers wa ku Detroit, chonena kuti jazi ndi chuma cha dziko choyenera kusungidwa, ndiponso ku Lincoln Center ku New York kunayamba makonsati amene anadzakula kukhala bungwe lotsogozedwa ndi Wynton Marsalis. Njira ziwiri zinapatukana nthawi imodzi: ina yopita ku holo zolemekezeka ndi masukulu, ina yopita ku wailesi ya malonda. Bambo anu aja ndi a njira yoyambayo, ndipo popanda anthu ngati iwo nyimbo za Ellington bwenzi zitatsala m'makabati.

Koma taonani zimene oyimba eniakewo anachita mpanda utamangidwa. Mu 1988 Grover Washington Jr. anatulutsa chimbale cha jazi yakale, akuyimba ndi akamuna ngati Tommy Flanagan, Herbie Hancock ndi Ron Carter. Benson anajambula ndi McCoy Tyner, woliza piyano wa John Coltrane, mu 1989, ndipo chaka chotsatira anajambula ndi gulu la Count Basie. Gerald Albright, amene mawailesi a smooth jazz ankamukonda, anatulutsa mu 1991 chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu chokhala ndi nyimbo ya Coltrane. Kirk Whalum, mwana wa m'busa wa ku Memphis, anabweza sakisofoni yake kutchalitchi kumene inachokera. Mawailesi a smooth jazz anayamba kugwa, ya ku New York mu 2008 ndi ya ku Chicago mu 2009, koma kusakaniza sikunafe nawo: Robert Glasper, woliza piyano wophunzira jazi yakale mokwanira, anapata Grammy ya chimbale cha R&B mu 2013 ndi nyimbo zimene muli jazi, soul ndi hip hop. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo oyimba amenewa anasambira m'maiwe onse popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Mwina mukudzifunsa ngati ife a kuno tili ndi gawo pa nkhani ya eni. Tili nalo, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti cholowachi chinabadwa m'masautso amene si ife tinawaona. Armstrong anajambula mu 1954 nyimbo ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, Hugh Masekela wa ku South Africa anafika pa nambala 1 ku America mu 1968, ndipo Jonathan Butler wa ku Cape Town ndi mmodzi mwa mayina odziwika a smooth jazz. Kwathu kuno, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankayimba kwela imene mkati mwake mumamveka swing ya ku America itavala zovala za kuno. Nyimbo zakhala zikuwoloka nyanja mbali zonse ziwiri kwa zaka zambiri.

Pomaliza ndifike pa Lachisanu lanu. Mukamayimba nyimbo ya Ellington, woliza bezi ayende notsi imodzi pa kugunda kulikonse, ndipo wa ng'oma asunge swing pa mbale yamkuwa ija, osaisandutsa kagundidwe ka funk chifukwa choti ndi kamene manja anazolowera. Ndikukayikira kuti mwina n'zimene zinawapweteka bambo aja, chifukwa ndamvapo magulu angapo akuyimba nyimbo zonse ndi kagundidwe kamodzi, ya 1940 ndi ya 1980 osasiyana, ndipo pamenepo ndi pamene kusakaniza kumasanduka kusasamala. Mukafika pa nyimbo ya Grover, musangobwereza solo ya pa chimbale notsi ndi notsi: tsegulani malo, wa kiyibodi apeke zake, wa ng'oma amuyankhe, inu mulowepo ndi blues. Makina a ng'oma asiyeni kunyumba ngati woyimba ng'oma alipo. Phunzirani blues ya mabala 12 m'makiyi angapo, makamaka F ndi B flat amene oliza malipenga amawakonda, chifukwa ndi mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ndandanda wanu, ndipo mungaiike pakati pochoka kwa Ellington kupita kwa Benson. Musanayambe nyimbo, tchulani amene anaipeka ndi chaka chake, ngakhale anthu ali pakati pa kudya. Ndipo bambo aja akadzabweranso, apatseni mpando wapafupi ndi nsanja, muwafunse nyimbo ya Ellington imene amaikonda, muiphunzire bwino sabata imeneyo, kenaka mudzaiyimbe motsatizana ndi ya Wes Montgomery. Mundilembere zimene adzanene.