Achimwene, musalembe -dd imeneyo

Chotsani kaye dzanja pa Enter, achimwene. Ndaona chithunzi mwaika m'gulu muno, pomwe pacman, pulogalamu yoikira ma package pa Arch Linux, wakana kupanga update ndi mzere uja wa `installing icu breaks dependency 'libicuuc.so=75-64' required by`, ndipo ndaonanso wina pamwambapa wakuuzani kuti mungowonjezera `-dd`, yomwe imauza pacman kuti asayang'ane ma dependency (ma package amene ena amawadalira), zitheke. Musayerekeze. Ine `-dd` yomweyo inandichezetsa usiku wonse mu November 2022, ndipo mpaka lero ndikangoiona m'mimba mumatentha.

Laputopu yanga ya Arch inali itatha miyezi iwiri osapanga update, ndikumangoti mawa, mawa. Tsiku limenelo ndinali ndi lipoti la masamba 40 loti ndipereke m'mawa mwake 8 koloko, ndipo chimene ndinkafuna chinali kapulogalamu kamodzi kokha kolumikizira ma PDF. Ndinalemba `pacman -S`, mirror, seva yotsitsako ma package, nkundiyankha 404, chifukwa database ya pa makina anga inkafunsa version yakale yomwe anali atachotsa kale. Ndiye ndinapanga `pacman -Sy`, yomwe imangosintha database ija osasintha ma package amene ali kale pa makina. Pamenepo ndinalakwa ndekha, ndivomere. Sindinkadziwa kuti masiku omwewo Arch inali itangochoka pa OpenSSL 1.1 kupita pa 3.0, ndipo OpenSSL ndi library, mafayilo amene mapulogalamu ambiri amawadalira. Kapulogalamu katsopano kankafuna `libcrypto.so.3`, pomwe china chilichonse pa makina anga chinali chomangidwa pa `libcrypto.so.1.1`. Pacman anakana, mizere yake yofanana ndendende ndi yanuyi. Anali kunditeteza, ine nkumamuona ngati mdani.

Ndinaimbira mnzanga wina wa kuntchito. Dzina sinditchula, koma ndi uja amene chivundikiro cha laputopu yake chinadzaza ndi ma sitika a Linux, amene aliyense akafunsa kanthu amayamba ndi kuseka kaye. Ndinamuwerengera uthengawo pa foni, sanandilole nkumaliza komwe. Akuti, "Aaa, pacman ndi wamantha chabe, ika `-dd` adutse." Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, phulalo nkudyabe.

`sudo pacman -Sdd openssl`. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinamwetulira, nkulemba `sudo pacman -S` kuti ndiike kapulogalamu kaja. Sudo anakana, akutchula `libcrypto.so.1.1`. Ndinalowa ndi `su`, nkuyesa pacman ndili root:

`pacman: error while loading shared libraries: libcrypto.so.1.1: cannot open shared object file`

Ndinauwerenga katatu mzere umenewu. Chida chokonzera zinthu chinali chitathyoka chokha. Ndinayesa `curl`, chimodzimodzi. `bsdtar`, chimodzimodzi. Ndinathamangira ku `/var/cache/pacman/pkg`, cache yomwe pacman amasungamo ma package otsitsidwa, kuti ndibweze openssl yakale ndi manja, ndinapezamo mbee, kupatula openssl yatsopano yomwe yangondipweteka ija. Mukudziwa chifukwa chake? Munthu yemweyo ndi amene anandiphunzitsa miyezi ingapo m'mbuyomo kuti ndizipanga `pacman -Scc`, yokolopa cache yonse, sabata iliyonse, akuti cache imangodya malo pachabe.

Ndinamuimbiranso, mawu akunjenjemera. Iye osatekeseka nkomwe, akuti ndipange symlink, fayilo yongoloza ku inzake, `libcrypto.so.1.1` iloze ku `libcrypto.so.3`, library ndi yomweyo yangosintha nambala. Ndinapanga, ya `libssl` ndinapanganso. Uthenga unangosintha nkukhala `version OPENSSL_1_1_0 not found`. Nambala ija sasintha pofuna kukongoletsa, amasintha chifukwa zam'kati zasintha, ndipo pulogalamu yakale ikafunsa zimene inazolowera siizipeza. Ndi icu yanuyo, library ya zilembo za zinenero zosiyanasiyana, ndiye zimaposa apa, chifukwa ICU imalemba nambala ya version kumapeto kwa mayina a ma function ake, moti pulogalamu yofuna dzina lothera `_75` siingalipeze mu library ya 76 ngakhale mutaipusitsa bwanji ndi symlink.

Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka pano ndi ichi. Nthawi yonseyi Firefox inali yotsegula ndipo inkagwira ntchito bwinobwino, chifukwa iyo imagwiritsa NSS, osati OpenSSL. Desktop inali moyo, lipoti langa lili poyera pa sikirini. Ndikanangotsegula Arch Linux Archive, tsamba losunga ma package akale, nkutsitsa openssl 1.1 yakale, nkuimasula ndi `tar` wamba ndi `zstd` zomwe zinali zisanafe, nkukopera mafayilo awiri aja ku `/usr/lib`, pacman akanadzuka pompo. Ntchito ya mphindi 10. Koma katswiri wathu anati, "Tangoizimitsa uyatsenso, ma library akufunika alowe bwino."

Ndinazimitsa. GRUB inabwera, ndinasankha Arch, timizere tingapo tinadutsa, kenako zii. `/sbin/init` ikudandaula za libcrypto yomweyo, pansi pake `Kernel panic - not syncing: Attempted to kill init!` Kanyali ka Caps Lock kali phethiphethi mumdima. Systemd, yomwe ndi `/sbin/init` imeneyi, pulogalamu yoyamba kudzuka pa makina, nayo inali yomangidwa pa library yomwe ija, ine osadziwa. Ndinayesa fallback, chimodzimodzi. Nthawi inali itadutsa 11 koloko, lipoti lili m'kati mwa makina osayaka, kopi ina ndilibe kulikonse. Ndinakhala pampando manja ali m'khosi, thukuta kamukamu, ndikungoyang'ana kanyali kaja. Ndinamuimbira kachitatu. Foni inaitana mpaka kuduka. Kachinayi inali yozimitsa.

Chinandipulumutsa ndi fulashi yakale yomwe ndinaikira Arch chaka cham'mbuyo, ndinaipeza pansi pa zingwe m'kabati. Ndinayatsira pamenepo, nkulumikiza Wi-Fi ndi `iwctl`, nkupanga mount disiki pa `/mnt`. Choyamba ndinakopera lipoti lija pa fulashi ina, ndipo apo mpamene ndinapuma koyamba. `arch-chroot` inalowa, koma pacman wam'katimo anali wakufa yemwe uja, ndiye ndinatuluka nkugwiritsa pacman wa pa fulashi: `pacman --root /mnt --cachedir /mnt/var/cache/pacman/pkg -Sy openssl-1.1`. Arch inali itaika package imeneyi dala, yosungira library yakale pambali pa yatsopano. Koma inakana, akuti siginecha ndi ya `unknown trust`, chifukwa makiyi a pa fulashi anali okalamba. Ndinapanga `pacman -Sy archlinux-keyring`, nkuyesanso. Inakananso, ulendo uno akuti `/usr/lib/libcrypto.so.1.1 exists in filesystem`. Ndinakhala kakasi, fayilo imeneyi yachokera kuti pomwe vuto lonse ndi loti kulibe? Kenako ndinakumbukira. Ma symlink a mnzanga aja, akundiluma kachiwiri mwini wake ali mtulo. Ndinawafufuta, package inalowa, pacman wam'kati anadzuka, ndinapanga `pacman -Syu` yathunthu, ma package mazanamazana pa intaneti yoyenda ngati nkhono. Makina anayaka kunja kukuyera.

M'mawa ku ofesi ndinamupeza akuseka ndi anthu. Nditamufotokozera, yankho lake linali loti, "Iwenso Arch unkaifunanji, ukanangoika Ubuntu." Pepani sinatuluke. Patapita masiku ndinadzaona pa sikirini yake kuti mwini wakeyo Arch sagwiritsa nkomwe, ali pa Ubuntu LTS, ndipo `-dd` ija anangoiona penapake, sanailembepo pa makina ake ngakhale kamodzi. Anthu otere ndi amene amandinyansa, ndipo muno m'gulu alimo. Munthu waika chithunzi, iwo osawerenga ngakhale mzere wachiwiri, ayankha kale ndi command yoti ikalakwika adzavutike ndi wina. Ukawafunsa kuti `-dd` imatani, sadziwa kuti `d` mmodzi amalumpha kuyang'ana ma version, awiri amalumpha kuyang'ana dependency ina iliyonse. Iwo akagona, mwini makina ndiye atsale ndi Caps Lock yophethira.

Tsono zanuzi. Yankho lili pa mawu amene abwera pambuyo pa `required by`, omwe pa chithunzi chanu adukira m'mphepete. Dzina limenelo ndiye lagwira update yonse. Lembani `pacman -Qm`, ikuonetsani ma package onse amene sali m'ma repo, nkhokwe za ma package a Arch enieni, kaya munawatenga ku AUR, komwe ogwiritsa Arch amaika malangizo omangira ma package, kaya anali m'ma repo kale koma anachotsedwamo, monga amachitira ma electron akale. Ndikukhulupirira dzinalo mulipeza pamenepo. Anthu a Arch akasintha icu amamanganso ma package awo onse odalira icu nkuwatulutsa limodzi, koma wa ku AUR uja munamanga nokha pa makina anu, ndipo palibe amene angakumangireninso. Ndiye onani ndi `pactree -r` kuti ndani akumudalira, chida chimenechi chili mu `pacman-contrib`. Ngati palibe, mchotseni ndi `pacman -Rns`, pangani `pacman -Syu` yathunthu, kenako mumumangenso pa icu yatsopano. Pomanganso samalani, makepkg, chida chomangira, ikapeza package yomangamanga kale m'foda imangoika yakale yomweyo, ndiye muikakamize ndi `-f`, kapena `--rebuild` ngati muli pa yay, pulogalamu yothandiza kuika za ku AUR. Mukamaliza, `checkrebuild` ya mu `rebuild-detector` ikuuzani ena amene athyoka mwakachetechete.

Ngati dzinalo ndi la m'ma repo enieni, kawirikawiri ndi mirror yotsalira m'mbuyo. Sinthani mndandanda ndi `reflector`, pangani `pacman -Syyu`, kapena mungodikira maola angapo. Yang'ananinso `/etc/pacman.conf`: mwina muli `IgnorePkg`, mzere woletsa package kupangidwa update, yomwe munaika kalekale nkuiiwala, mwinanso mudakali repo ya community, yomwe inaphatikizidwa mu extra mu May 2023 nkudzachotsedweratu mu March 2025. Ndipo ngati muli pa Manjaro, Linux ina yochokera ku Arch, munene, chifukwa kumeneko ma package amachedwa kufika pomwe AUR imatsatira Arch, nkhani yake imasiyanako.

Yay nayo muziyembekezera kuti tsiku lina idzakufera m'manja. Imamangidwa pa `libalpm`, library ya pacman, ndipo pacman 7.0 atabwera mu September 2024 nambala inachoka pa 14 kupita pa 15, anthu ambiri nkudzuka yay ikukana kuyaka. Palibe choopsa, mumangoitenganso ndi `git clone` nkupanga `makepkg -si`.

Komabe ndisakunamizeni kuti `-dd` sindiigwira. Ngati package wa ku AUR uja ali ndi anzake omudalira ndipo simukufuna kugwetsa onse, `pacman -Rdd` pa iyeyo basi, kenako update, kenako kumumanganso nthawi yomweyo, ine ndimachita. Mu June 2025 `linux-firmware` itagawidwa, tsamba la nkhani la Arch lenilenilo linauza anthu kuti apange `pacman -Rdd linux-firmware` kenako `pacman -Syu linux-firmware`, ndipo ndinapanga osaphethira. Koma pa icu, openssl, glibc, readline, ayi. `-Sy` nayo ndakuuzani kuti ndi imene inayambitsa zanga, koma makina akakhalitsa osapanga update mpaka ma siginecha kukanidwa, njira yake ndi `pacman -Sy archlinux-keyring` kenako `pacman -Su` pompopompo, osapita kaye kwina.

Cache musaikolope yonse. `paccache -r` imasiya ma version 3 omaliza a package iliyonse, malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi usiku umene ndinataya. Fulashi ya Arch ikhale pafupi, ndipo muziisintha ISO yake nthawi ndi nthawi. Chikathyoka chachikulu makina adakali oyaka, musazimitse, musatseke ngakhale terminal yomwe muli root.

Update muzipanga sabata iliyonse, mutawerenga kaye nkhani za pa archlinux.org, kuti zisamaunjikane ngati zanga zija. Ngakhale kunena zoona laputopu ndikulemberayi yatha masabata 5 osapanga, chifukwa ndili ndi ntchito yoti ndipereke Lachisanu ndipo sindiikhudza mpaka nditapereka.

Ikani pano mzere wonse wa `required by` uja osadula, zotuluka pa `pacman -Qm`, ndi mizere 30 yomaliza ya `/var/log/pacman.log`, monga mawu osati chithunzi. Ndipo ngati `-dd` ija mwailemba kale musanawerenge izi, makinawo asiyeni oyaka momwemo, mundiuze.